Chitini cha Sila Padenga la Shedi

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Lero kuntchito ndinasisita chitseko cha galimoto nditatsinzina, ndipo ndinakumbukira tsiku lina ndili ndi zaka khumi. Munali mutakwecha chitseko cha galimoto ya aphunzitsi ena ndi sandipepa wa m'madzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ine nditatopa ndi kugwirizira ndowa ndinati, "Chasalala, Bambo, tiyeni tipopere." Munatenga dzanja langa n'kuliika pachitsekopo, n'kundiuza kuti nditsinzine. Chala changa chinapeza kadzenje kochepa ngati njere ya mpunga pafupi ndi chogwirira. Munati, "Diso limakondera, mwanawe. Dzanja silikondera." Kenako munandituma kusitolo ya penti ya mnzanu, a Galoni, kukatenga sandipepa wina, ndipo iwo anandiponyera siwiti m'thumba la malaya monga ankachitira nthawi zonse.

Ndayamba nkhani ndisanakupatseni moni, mundikhululukire. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likuti bwanji? Mlongo wanga akuti ndodo mukumaikana pamaso pa anthu, koma m'nyumba mukumayenda chogwira makoma. Makoma sangakuperekezeni kumsika, Bambo. Kuno tili bwino. Mpongozi wanu ndi ana akupereka moni. Ine ndili ndi kachifuwa ka m'mawa kokha, kamatha ndikamwa madzi otentha.

Ndabwerera ku makalata chifukwa pafoni timangokuwizana. Phokoso la kompuresa ija yopopera mpweya linakudyerani makutu, ndiye ine ndimafuula kuti "Mwadzuka bwanji?" inu n'kuyankha kuti mvula sinabwere. Kalata muziwerenga nokha ndi magalasi anu, ndipo mlongo wanga azikulemberani yankho, popeza dzanja layamba kunjenjemera.

Galaja ino mukanaiona mukanaseka. Chipinda chopoperamo n'chotsekeka ngati filiji, magetsi oyera khoma lonse, mafani akukoka mpweya pansi. Fumbi sililowa. Komabe m'mawa uliwonse dzanja langa limafuna kuwaza madzi pansi, monga tinkachitira m'shedi yathu, ndi kupachika masaka onyowa pakhomo. Kapitao wathu timamutcha a Changu, chifukwa moni wawo ndi wakuti "Yatha?" Wosakaniza mitundu ndi mayi wina wa msinkhu wanga, timamutcha a Sikelo chifukwa sachoka pa sikelo yoyezera penti. Akayang'ana galimoto yoyera amakuuzani kuti kuyera kwake kwapendekera ku chikasu kapena ku buluu, ife tonse tikungoona zoyera.

Tsopano za shedi. Ndamva kuti mlongo wanga akufuna kuigwetsa kuti amangepo chipinda chosokeramo. Maganizo ake ndi abwino, ndipo malata atsopano ndidzathandiza. Koma chonde ayambe wadikira. Denga lisakhudzidwe mpaka nditabwera ndekha. Kuli kanthu kanga kena kumeneko kamene mmisiri wachilendo sangakadziwe.

Ine mwana wanu.


9 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni wa kuno. Tonse tili bwino, chifuwa chokha ndicho chikundidzutsa msanga kuposa wotchi. Ndakondwa kumva kuti ndodo mwaivomera, ngakhale akuti mukumaitcha mkazi wachiwiri.

Mwafunsa kuti penti masiku ano tikumasankha bwanji. Funsoli ndaliwerenga katatu, chifukwa ndi loyamba la ntchito limene mwandifunsa chichokereni kwathu. Nthawi yanu chitini chimodzi chinkanyamula zonse, mtundu ndi kuwala komwe. Kuno ntchitozo tinazigawa. Pansi timaika pulaimala. Pamwamba pake sila, uja wotsekera zakale kuti zisatuluke. Kenako mtundu, wopyapyala ngati khungu la anyezi, wosawala n'komwe. Kuwala kumabwera ndi womaliza, wooneka ngati madzi, amene timati kiliya.

Kiliya sauma yekha, amafuna mankhwala omuumitsa otchedwa hadena, ndipo nzeru yonse yagona pamenepo. Kukazizira, kapena ukamapopera chitseko chimodzi, umasankha hadena wofulumira. Kukatentha, kapena ukamapopera galimoto yonse, umasankha wochedwa, apo ayi kumene unayambira kumauma usanafike kumchira, ndipo thupi limatuluka ngati khungu la lalanje. Ukachulutsa, amatsika misozi, monga mukudziwa. Kiliya wotchipa amawala kuposa wodula tsiku limene mwini akutenga galimoto. Pakapita zaka ziwiri padzuwa amasanduka wachikasu n'kuyamba kufundula ngati njoka. A Sikelo ali ndi lamulo limodzi: sila wa kampani ina, mtundu wa ina, kiliya wa inanso, umenewo ndi ukwati wa anthu osadziwana, sulimba.

Pansi pa kalata mlongo wanga walemba kuti dzina la a Galoni lisamabwerenso m'makalata. Ndamva. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndinalipo. Vani ya buledi ija inabwera yofiira, mwini wake ankaifuna yoyera, ndipo inachoka m'shedi mwathu yoyera ngati mkaka. Patapita milungu itatu wofiira anatulukira pansi, vani yonse n'kusanduka pinki. Mwini wake sanaibweze. Anangoyenda nayo tauni yonse m'mawa uliwonse, akuuza aliyense wogula buledi dzina la amene anaipenta. Ana anayamba kukuitanani a Pinki. Magalimoto anasiya kubwera.

Ndikukumbukira tikulowa m'sitolo muja, anthu atadzaza. Munati, "Zaka makumi atatu tikudyera mbale imodzi, iwe n'kundigulitsa madzi m'chitini cha sila?" Iwo anati, "Bweretsa chitinicho tione." Inu munati, "Mwana anataya chitatha." A Galoni anangondiyang'ana ine pamwamba pa magalasi, kenako n'kuyamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale. Chaka chisanathe ine ndinakwera basi kubwera kuno. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sindikutsutsa lamulo lanu, Bambo. Ndangofuna mudziwe kuti tsikulo sindinaliiwale.

Mlongo wanga akufunsa kuti kanthu ka kudenga n'kachiyani. Ndi ka ntchito, kakang'ono. Ndidzafotokoza. Mankhwala a m'maso ndatumiza kudzera mwa dalaivala wa basi uja amatinyamulira makalatayu, muzidonthezera kawiri patsiku.

Ine mwana wanu.


21 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mkazi wachiwiriyo. Kuno kwayamba kuzizira, tasintha hadena. Ana ali bwino. Ine ndili moyo, ngakhale sabata yatha ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Kunabwera galimoto yakale yofiira, ya mayi wina wophunzitsa anthu kuyendetsa. Akuifuna yoyera. Nditangoiona pageti ndinapita kukaiyesa. Ndinanyowetsa kansalu ndi thinara wosungunulira penti n'kupukuta m'mphepete mwa buti, monga munandiphunzitsira. Kansaluko kanabwera kofiira ngati kapukuta bala. Ndinapita nako kwa a Changu.

Iwo anati, "Mwini akuifuna Lachisanu. Pulaimala wakwana, popera zoyera."

Ndinati, "Wofiira uyu ndi wamwano, bwana. Atuluka."

"Akamadzatuluka galimoto idzakhala ili kwawo."

"Ndiye apopere wina. Ine mfuti yopoperayo sindigwira."

Wokwecha anazimitsa makina. A Changu anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Kodi sila ndi mlamu wako? Pageti paja pali anthu khumi ofuna mfuti yomweyo."

Amene anandipulumutsa ndi a Sikelo. Anasuzumira pawindo la kachipinda kawo n'kunena kuti, "A Changu, sila ndasakaniza kale, ndipo akasakanizidwa sabwerera m'chitini. Mukufuna timwe?" Chonsecho chitini anali asanachitsegule n'komwe. A Changu anatukwana pang'ono n'kuchoka. Tinasankha sila wotuwa moyererako, kuti woyera asavutike kumuphimba. Ndinamupopera, ndinamudikira nthawi yake yonse nditakhala pandowa, osamufulumizitsa. Galimoto inatuluka Loweruka m'malo mwa Lachisanu, ndipo dziko silinathe.

Masana a tsiku la mkanganolo tinakhala pa matayala kuseri kwa galaja, aliyense ndi kambale kake. A Sikelo anati, "Achimwene, zaka zisanu ndi ziwiri sindinakumveni mukukweza mawu. Anakulandani tchuthi, munangoti chabwino. Anakupatsani masiki yobooka, munangoti chabwino. Lero chitini chimodzi mpaka kukangana ndi kapitao. Sila anakulakwirani chiyani?"

Ndinati, "Ndine ndinamulakwira."

Sindikudziwa chimene chinamasula lilime langa. Ndinawauza nkhani ina imene ngakhale mpongozi wanu saidziwa. Anamvetsera akutafuna pang'onopang'ono. Nditamaliza anafunsa, "Eni nkhaniyi ali moyo?"

"Ali moyo onse awiri."

"Ndiye mwauza ine, mlendo, kuti ndikuchitireni chiyani? Kapena mukudikira kuti atsale mmodzi?"

Anatseka kambale kawo n'kubwerera ku sikelo yawo. Chiyambire tsikulo akandipatsa penti amangondifunsa ndi nsidze.

Mudzafunsa kuti nkhaniyo ndi yotani. Pepala latha, Bambo. Za shedi, mundipirire pang'ono.

Ine mwana wanu.


14 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira kuzizira sikukulowa m'bondo. Ife tili bwino.

Mlongo wanga wandiimbira dzulo. Akuti a Galoni anagwa m'sitolo akutsitsa chitini pashelefu, ndipo mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papotoka. Akuti mutamva munangofunsa kuti madzi osamba atentha kapena ayi. Ndaphwanya lamulo lanu potchula dzinali, koma sindingachitire mwina.

Nthawi imene tinkaika Amayi m'manda, ine ndinabwera masiku atatu okha. Ndinawaona a Galoni ataima patali pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anthu atayamba kubalalika anasendera kuti akugwireni dzanja, inu n'kutembenukira kwina. Ine ndinali pambali panu penipeni. Ndinali ndi pakamwa, Bambo. Ndinangowerama ngati ndikufuna kanthu pansi.

Pitani mukawaone, chonde. Ngati bondo likuvuta, mlongo wanga akupezereni njinga. Simukuyenera kunena chilichonse, kungokhala pampando basi.

Wandiuzanso kuti watopa ndi kudikira, mmisiri abwera kudzasasula denga kumayambiriro kwa Julayi, ndipo akuti ngati kudengako kuli golide amugawana ndi mmisiriyo. Sindikumuimba mlandu. Makina ake osokera akhala pakhonde chaka chonse chifukwa cha ine. Muuzeni kuti kalata ina ikubwera mmisiriyo asanafike.

Ine mwana wanu.


24 Juni

Bambo,

Moni. Ndili bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha, ndipo mukamaliza muchite nayo zimene mukufuna.

Mukalowa m'shedi, kumanzere, pamwamba pa mtanda wachiwiri kuchokera kukhomo, pamene lata limapindikira pakhoma, pali chitini chokulungidwa m'saka la simenti. Ndi chitini cha sila chimene munagula kwa a Galoni cha vani ya buledi. Sichinatsegulidwepo.

Linali Loweruka. Inu munali mutagona ndi malungo, ndipo munandiitanira pamphasa n'kunena kuti, "Pulaimala ndamaliza. Wofiira uyu ndi wamwano, usaiwale sila. Umupopere, umudikire, kenako zoyera." Ndinavomera. Koma tsiku lomwelo mtsikana amene lero ndi mpongozi wanu ankakwera basi ya madzulo kupita kwa azakhali ake, ndipo ndinali ndisanamuuze mawu anga. Ndinawerenga maola. Ndi sila, basi ikanandisiya. Popanda sila, ndikanapeza nthawi yosamba ndi kusintha malaya. Ndinayang'ana vani ili yotuwa bwinobwino ndi pulaimala, wofiira osaoneka paliponse, ndipo diso linandiuza kuti palibe chovuta. Ndinapopera zoyera. Chitini ndinachikweza kudenga, chifukwa mukanachipeza chodzaza mukanadziwa.

Mutadzuka Lolemba munazungulira vaniyo kawiri, n'kundigwira paphewa. Munafunsa kuti, "Sila anakwana?" Ndinati anakwana ndendende, chitini ndataya kudzala. Linali bodza la mawu ochepa, ndipo ndinkaganiza kuti lathera pomwepo.

Pinki atatuluka ndinafuna kunena. Tsiku loyamba ndinaopa ukali wanu. Tsiku lachiwiri ndinati muyambe mwazizira. Tsiku lachitatu munavala jekete n'kunena kuti tiye kusitolo, ndipo ndinakutsatirani m'mbuyo ngati mbuzi. A Galoni atandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndinatsala pang'ono kunena, koma anthu anali ambiri. Kuchokera pamenepo tsiku lililonse linkalemera kuposa la dzulo lake. Nditanena kuti ndikupita kukafuna ntchito kunja, munandiyamikira kuti ndikufuna kuthandiza banja popeza shedi yafa. Munandipatsa mfuti yanu yabwino ija kuti ndikayambire. Ndinailandira ndi manja awiri, Bambo, podziwa kuti amene wapha shediyo ndine.

Ndinakudyerani dzina. Ndinakudyerani mnzanu. A Galoni ndinawaveka umbava m'tauni imene anabadwiramo, munthu amene ankandiponyera siwiti m'thumba. Zaka zonsezi ndakhala ndikutumiza malata, mankhwala, mabulangeti, ndikuganiza kuti ndikuphimba. Koma inu mukudziwa kuposa ine kuti ngakhale upopere zoyera kasanu, ngati pansi sunatseke bwino, chofiira chimadzatuluka. Akulu anati mlandu suola.

Pepani sapoletsa chilonda, ndikudziwa. Komabe pepani. Musakwere nokha kudengako, mutume munthu.

Ine mwana wanu, ngati mukundilolabe kulemba choncho.


17 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale ndilibe pomvera. Papita milungu isanu ndi iwiri. Dalaivala uja wabwera kawiri, ndipo kawiri konse wanditambasulira manja opanda kanthu. Mlongo wanga ndikamuimbira amandiuza za mitengo ya ulusi. Ndikafunsa za inu amangoti, "Alipo, akudya." Za shedi akuti mmisiri anabwera, munamubweza pageti. Sindikufunsa zambiri. Ine ndinakhala chete zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sindingadandaule ndi milungu isanu ndi iwiri.

Mpongozi wanu ndamuuza. Anati, "Ndiye ukwati wathu unayambira pa vani ya pinki?" Sanaseke. Anati akanadziwa, basi ija akanaisiya ipite, n'kudikira sila aume. Masiku awiri anandiikira chakudya patebulo osakhala nane. Tsiku lachitatu anakhala.

Chifuwa chija ndinapita nacho kuchipatala. Adokotala akuti ndi mpweya wa hadena, wa zaka zija ndinkapopera ndi kansalu kumphuno. Si choopsa kwambiri ngati ndisiya msanga, atero. Ndiye a Changu andichotsa m'chipinda chopoperamo masiku atatu pasabata, ndikumathandiza a Sikelo kusakaniza. Ndikuphunzira kuona buluu m'zoyera ndili ndi imvi. A Sikelo nditawauza kuti kalata ndinatumiza, anangosiya kundifunsa ndi nsidze. Nditawauza kuti yankho silikubwera anati, "Mwapopera dzulodzuloli, mukufuna mugwire kale? Musiyapo chidindo cha chala."

Galimoto ya mayi wophunzitsa uja inabweranso, wophunzira wake anaigunditsa pachipata. Ndinaizungulira padzuwa, ndinatsegula buti, ndinayang'ana m'mphepete mwa zitseko. Ndi yoyera, Bambo, paliponse. Ndinaima pamenepo mpaka a Changu anafunsa ngati ndikufuna kuigula.

Ngati simukufuna kundilembera, ndimva. Chimodzi chokha mundiuze kudzera mwa mlongo wanga: a Galoni akadali moyo?

Ine mwana wanu.


5 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Moni. Tonse tili bwino, chifuwa chayamba kundisiya ndigone mpaka wotchi ilire. Kalata yanu yafika dzulo. Nditaona kuti adiresi yalembedwa ndi dzanja lanu lenileni, zilembo zikukwera ndi kutsika, ndinakaitsegulira kuseri pa matayala paja. Mizere inayi yokha: "Chitini ndinatsitsa ndekha. Ndinapita nacho. Wakana kuchilandira kwa ine, akuti chibwere ndi amene anachibisa. Bwera."

Zotsalazo wandiuza mlongo wanga pafoni, tsopano poti mwamumasula pakamwa. Akuti munakwera makwerero ndi bondo lomwelo iye ali kumsika, ndipo anakupezani mutakhala pakhomo la shedi, chitini chili pamiyendo, saka litagwera pansi. Akuti chinakhala pansi pa bedi lanu miyezi iwiri. Ndiye tsiku lina m'mawa munameta ndevu, munavala jekete, munachiika m'chikwama, n'kukana njinga.

Akuti a Galoni anali pakhonde pampando wa matayala. Munaika chitinicho patebulo. Iwo anachitembenuza ndi dzanja lamoyolo mpaka anapeza kadontho ka buluu pansi pake, kamene ankaika pa chitini chilichonse chochoka m'sitolo mwawo. Anati, "Changa ichi." Kenako, ndi pakamwa popotokapo, "Wachedwatu, iwe Pinki." Ndipo inu munati, "Ndiwe wekha amene ungandiitane choncho n'kukhala ndi mano."

Chimene chandisowetsa mtendere ndi chimene a Galoni ananena pambuyo pake. Akuti anati, "Ndinaona m'maso mwa mwanayo tsiku lomwe lija. Ndikanatani? Ndinene m'sitolo modzaza anthu kuti mwana wako ndi wabodza? Ndinati akakula adzanena yekha. Sindinadziwe kuti amakula mochedwa chonchi." Bambo, ine ndinkaganiza kuti ndinasenza ndekha katunduyu. Kani munthu wina anandisenzera dala, akudziwa, mpaka kumanda kwa Amayi, chipewa chili m'manja.

Ndamvanso chilango changa. Geti la kunyumba kwawo ndi lofiira, ndipo akufuna likhale loyera. Akuti ndilikweche ndekha, nditsegule chitini chomwecho iwo akuona, inu mukuona, ndi aliyense wodutsa mumsewu akuona, kuti tauni idziwe kuti sila wa a Galoni sanali madzi. Inu ndi ine tikudziwa kuti patatha zaka zonsezi m'chitinimo muli mwala. Ndauza a Sikelo, aseka mpaka kugwira sikelo, n'kunena kuti, "Mwala ndi umboninso, madzi sauma chotero." Chikakanika, chatsopano ndidzagula m'sitolo yawo yomweyo, kwa mwana wawo wamkazi amene akugulitsamo tsopano, ndipo ndidzachiika poyera pambali pa chakalecho. Sindidzasinthanitsa mobisa.

Tchuthi andipatsa milungu iwiri. A Changu anayamba kuwiringula, koma nditawauza kuti ndikupita kukapopera sila anangokweza manja. Tikiti ndagula. Ndifika Lachisanu pa 1 Novembala ndi basi ya m'mawa, ndipo mpongozi wanu akubwera nane, akuti nayenso ali ndi mbali yake pa vani ija. Muwauze a Galoni kuti Loweruka pa 2, dzuwa lisanatenthe, tidzakhala pageti pawo. Mlongo wanga aitane mmisiri wake Lolemba lotsatira, denga ndidzasasula naye limodzi.

Chitinicho musachitsegule, ndipo musachinyamulenso. Ndidzachinyamula ine kuchokera kunyumba, pamanja, osati m'chikwama. Mfuti yanu ija ndikubwera nayo, ikugwirabe ntchito.

Simunalembe kuti mwandikhululukira, ndipo sindikupempha kuti mulembe. Ndikadzamaliza kukwecha getilo, mudzabwere ndi ndodo yanu, mudzaikepo dzanja mutatsinzina, mundiuze ngati lakonzeka.

Ine mwana wanu.